Zithunzi zathu zili kutsidya kwa njanji

Lusaka inakhala likulu la dziko lino mu 1935, ndipo amene anaijambula papepala sanatiwerengere. Pulani yawo inali ya mzinda wa azungu, wa misewu yotakata ndi mitengo yamthunzi. Munthu wakuda ankaonedwa ngati wantchito wongobwera kwakanthawi. Amene analibe nyumba ya kampani kapena ya boma anakamanga pa mafamu a azungu, n'chifukwa chake makomboni ena ali ndi maina ngati George, John Laing ndi John Howard. Akuluakulu amati nalo dzina la Misisi linachokera ku mawu oti "Mrs", kunena mayi wachizungu amene anali mwini malo. Miyala ya m'makwale athu inakamanga tauni, ife n'kutsala ndi maenje odzaza madzi.

Nyumba zoonetseramo zojambula, zija timazitchula kuti ma gallery, zinatsata mapu omwewo. Pafupifupi zonse zili kum'mawa kwa njanji: ku Showgrounds, ku Rhodes Park, ku Kabulonga. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti kumeneko n'kwa apamwamba ndi alendo a m'maembase. Koma tikafufuza amene anazimenyera nkhondo nyumbazi, ndi zimene zapachikidwa pazipupa zake, nkhani imasintha.

Tiyambe ndi a Henry Tayali. Anabadwira ku Serenje mu 1943, n'kukulira ku Bulawayo kumene bambo awo ankagwira ntchito, monga mabanja ambiri a kuno amene anapita kukafuna ndalama kumwera. Anaphunzira zojambula ku Makerere ku Uganda, kenako ku Düsseldorf ku Germany, ndipo atabwerako anagwira ntchito pa UNZA. Amene anapitako pa UNZA anachiona chosema chawo chotchedwa The Graduate. M'zithunzi zawo zambiri muli khamu la anthu wamba: omwa mowa m'matavani, ogulitsa pamsika, othinana pamsewu.

Chithunzi chawo chodziwika kwambiri ndi Destiny, chimene anachijambula ali mnyamata m'zaka za m'ma 1960. Chimaonetsa chinamtindi cha anthu atasenza zitsulo ndi zida zantchito, kumbuyo kwawo kuli mzinda waukulu. Aliyense wa ku Misisi amene anaonapo amayi akuphwanya miyala m'mbali mwa msewu sangafunikire womasulira. Chithunzichi chinagulidwa ndi mwana wa Sir Humphrey Gibbs, bwanamkubwa wa Southern Rhodesia, ndipo chinakathera ku England. Kwa zaka zambiri, munthu wa mu Zambia wofuna kuchiona anayenera kukwera ndege.

Amene anachibweza ndi a Lechwe Trust. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1986 ndi mayi Cynthia Zukas, a Tayali ndi mayi Bente Lorenz woumba mbiya. Iwo anaona kuti ntchito zabwino za ojambula athu zikugulidwa ndi alendo n'kutuluka m'dziko, choncho anayamba kuzigula kuti zitsale kuno. A Tayali anamwalira ku Germany mu 1987, patangopita chaka chimodzi, koma anzawo anapitiriza, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Destiny inafika ku Zambia. Bungweli linakhala zaka zopitirira 30 lilibe nyumba yakeyake. Gallery yake inatsegulidwa mu 2018 pa Lagos Road ku Rhodes Park.

Ojambula nawonso sanakhale manja lende. Mu 1989 anapanga bungwe lawo la Visual Arts Council, ndipo mu 1995 anatsegula Henry Tayali Visual Arts Centre mkati mwa Showgrounds. Tangoganizani: chaka chilichonse nthawi ya Show, chakumayambiriro kwa Ogasiti, timadzaza maminibasi kukaona ng'ombe, mathirakitala ndi oimba, n'kudutsa pafupi ndi nyumba imeneyi osadziwa zili mkatimo. Mu 1996 kunatsegulidwa Lusaka National Museum pa Independence Avenue, pafupi ndi Freedom Statue imene inaimikidwa mu 1974. Pansi pake pamakhala zojambula ndi zosema za masiku ano. Kuchokera ku Misisi kudzera ku Kamwala ndi ulendo wapansi, waufupi kuposa umene ambiri timayenda pofuna piece work.

Amene zithunzi zawo zili m'nyumbazi si onse anapita ku sukulu zapamwamba. A Stephen Kappata a ku Western Province, amene anamwalira mu 2007, anadziphunzitsa okha. Anajambula zimene anaona nthawi ya atsamunda: amesenjala a boma, msonkho, amuna opita ku migodi ya ku Joni, ndipo ankalemba mawu ofotokoza pachithunzi penipenipo. Lero a Mulenga Chafilwa amajambula moyo wa m'komboni, anthu opanikizana pamsika ndi pa siteshoni ya basi. Kunena zoona, takhala tili pazipupa zimenezi kwa zaka zoposa 50. Chimene chasowa ndi ife oima pansi n'kumayang'ana.

Pali chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika tsopano kuposa kale. Msika wa zojambula za mu Africa wakula. Ku Johannesburg kwakhala kukuchitika chionetsero chachikulu chogulitsa zojambula kuyambira mu 2008, ndipo ku London chionetsero cha 1-54 chinayamba mu 2013. Mayi Anawana Haloba a ku Livingstone anaonetsa ntchito yawo ku Venice Biennale mu 2009. Kuno kwathu kwabwera malo atsopano monga 37d Gallery ku Kabulonga ndi Lusaka Contemporary Art Centre imene anayambitsa a Victor Mutelekesha. Izi n'zokondweretsa, chifukwa wojambula ayenera kudya. Koma chithunzi chikagulidwa chimalowa m'nyumba ya munthu, mwina kutsidya kwa nyanja, ndipo sichionekanso. Masabata ochepa amene chili pachionetsero ndiyo nthawi yokha imene ife tingachione. Zimene zinachitikira Destiny zikuchitikabe, ndipo si chilichonse chimene chidzapeze wochibweza.

Palinso funso la amene amauza wojambula ngati wanena zoona. Oonera akakhala alendo okhaokha, wojambula amayamba kujambula zimene alendo amakonda: njovu, dzuwa likulowa, mwana wosauka akumwetulira. Woonera wa ku Kanyama kapena ku Chawama amadziwa mtundu wa madzi a chigumula, amadziwa mmene mzere wa pa kiosk ya madzi umakhalira m'mawa. Iye akhoza kuima n'kunena kuti apa mwalasa, apa mwanama. Wojambula wanzeru amafuna maso oterowo.

Chimatiletsa nthawi zambiri ndi geti, mlonda ndi Chingerezi cha pa chiitano. Timaopa kuti atifunsa kuti tabwera kudzagula chiyani. Ku gallery munthu sakakamizidwa kugula. Ambiri salipiritsa polowa, ndipo ku museum mtengo wa nzika ndi wochepa. Lamulo lalikulu n'loti osagwira chithunzi, komanso kupempha musanajambule ndi foni. Wojambula akakhalapo, mufunseni mu Chinyanja kapena mu Chibemba. Ambiri a iwo amakwera minibasi ngati ife tomwe.

Ndipo tisaiwale kuti m'komboni muli kale manja aluso. Amene amajambula mitu ya anthu pa babashopu, nkhuku pa kantemba, maina a masukulu pazipupa, onsewa ndi ojambula. Kusiyana kwawo ndi a Tayali n'koti a Tayali anapeza wowaonetsa kuti luso limeneli likhoza kupita patali. Ku Evelyn Hone College amaphunzitsabe zojambula, koma mwana sangafune kuphunzira chinthu chimene sanachionepo.

Choncho Loweruka lina, mutengeni mng'ono wanu uja amene amadzaza mabuku a sukulu ndi zithunzi. Yambirani ku museum chifukwa n'kufupi, tsiku lina mukafike ku Showgrounds, kenako ku Lagos Road. Kumeneko mukafunse za Destiny ya a Tayali, ndipo ikakhala pachipupa, muwerenge anthu osenza katundu amene ali mmenemo.