Mmene nkhanza ya pa kamera inalowera m'mabanja a ku Philippines

Nkhaniyi inayamba intaneti isanabwere. Kwa zaka zambiri asilikali a dziko la America anali ndi misasa ikuluikulu ku Philippines, wa ndege ku Clark ndi wa zombo ku Subic Bay. Mizinda ya Angeles ndi Olongapo inadzaza ndi mabala, ndipo atsikana a m'midzi yosauka ankakhamukira kumeneko. Misasayo inatsekedwa mu 1991 ndi 1992, koma anthu anali atazolowera kale zoti mlendo wandalama amagula chimene wafuna.

Kuyambira mu 1974 boma la Ferdinand Marcos linkalimbikitsanso nzika kukagwira ntchito kunja, choncho malo olandirira ndalama zochokera kutali anafika ngakhale m'matauni ang'onoang'ono. Chingerezi nacho ambiri amachidziwa. Intaneti yotchipa itafika, njira inali yolambula kale: mwamuna wachilendo ali ku Britain kapena ku Australia amatumiza ndalama, mwana n'kuimikidwa kutsogolo kwa kamera kuti achite zolaula.

Chopweteka mtima n'chakuti womuimikayo kawirikawiri si munthu wachilendo. Amakhala mayi ake, azakhali ake, kapena oyandikana nawo nyumba. Amadzitonthoza kuti mwanayo sanakhudzidwe ndi munthu, ndiye palibe cholakwika. Limeneli ndi bodza, pakuti mantha ndi manyazi mwanayo amakula nazo. Iyenso analeredwa podziwa kuti ali ndi ngongole yosatha kwa omubala, ndipo kukana kuthandiza banja n'kusayamika. Anansi amaona ndalama zikulowa, koma za m'nyumba ya wina salowerera. M'madera ena, monga ku Cordova m'chigawo cha Cebu, zinafika pokhala ngati geni wamba.

Malamulo anabwera mochedwa. Loletsa zithunzi zolaula za ana linakhazikitsidwa mu 2009. Mu 2013 bungwe la Terre des Hommes linapanga pa kompyuta chifanizo cha mtsikana wa zaka 10, dzina lake Sweetie, ndipo m'milungu 10 linazindikira anthu 1,000 a m'mayiko 71 amene ankafuna kulipira. Mpaka mu 2022, lamulo linkati mwana wa zaka 12 angathe kuvomera zogonana. Chaka chimenecho anakweza zakazo kufika pa 16, n'kukhazikitsanso lamulo lina lolimbana ndi nkhanza za pa intaneti.

Apolisi akapulumutsa ana lero, amawapititsa kumalo osungirako ana, makolo n'kupita kundende. Ena mwa anawo amalira kufuna kubwerera kwawo, ndipo amadziimba mlandu kuti ndiwo anamangitsa mayi awo.