Masanje, bwalo limene linkayeza mwana

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, ana a m'midzi yozungulira Lilongwe ankatola mapesi n'kumanga timisasa kuseri kwa mudzi. Amenewa ndiwo masanje. Atsikana ankakunkha zotsala m'minda, kusinja ndi kuphika m'timiphika, anyamata ali kutchire kokumba mbewa. Wina ankakhala bambo, wina mayi, wina mfumu.

Udindo umenewu sunkangogwera aliyense. Ana okhaokha ankadziwana bwino: uyu ndi womana, uyo ndi wosusuka, winayo sachedwa kulira. Wandeu ankasowa womulola m'kamsasa kake, ndipo chilango chimenechi chinkawawa kuposa mkwapulo. Akuluakulu nawo ankapenyera chapatali, n'kumasunga mumtima. Iwo ankayang'ana zina: kodi mwanayu amagwada popereka madzi? Amalandira chinthu ndi manja awiri? Akaitanidwa amayankha kuti "wawa"? Zolakwa zimene azakhali ankaona zinkadzatulukira kuchinamwali, pamaso pa anankungwi.

Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, analemba zofanana ndi zimenezi m'buku lake la Children of Their Fathers. Kumeneko mnyamata ankachoka m'manja mwa amayi n'kukagona m'laweni, nyumba ya anyamata, momwe anyamata okulirapo ankamuwongola.

Boma litasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975, anthu anakhamukira kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo kudzafuna maganyu, ndipo dera la Mgona linakula. Nyumba zinathithikana, minda yokunkhamo inasowa, masanje a mapesi anazilala. Achewa, Ayao, Alomwe ndi Atumbuka anakhala khomo ndi khomo, aliyense ndi kayezedwe kake ka ulemu. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, panabwera woweruza wina, mphunzitsi, amene amayenera kudziwa khalidwe la mwana m'kalasi modzaza ana oposa 100. Pamenepo mwana wofatsa amatamandidwa msanga, ngakhale atakhala kuti wafatsa chifukwa anzake amamusala, ndipo zimenezi n'zomvetsa chisoni.

Koma anzake sanasiye kuweruza. Madzulo, pakampata ka pakati pa nyumba ku Mgona, atsikana akamagawana magulu a fulaye, amene amakana kutuluka mpira ukamugunda ndiye amasankhidwa pomaliza. Amayi ali pamzere wa zigubu pakiyosiki ya madzi amaona zonsezo, ndipo amadziwa kuti ndi mwana wa yani.