Umboni si mphekesera

Mawu akuti umboni, amene ambiri a ife timawatchula mwachisawawa, tsinde lake ndi kuona. Pakuti mboni ndiye munthu amene adaona ndi maso ake, kapena kudzimvera ndi makutu ake, ndipo umboni ndiwo zimene iye anena atalumbira pamaso pa woweruza.

Tiyerekeze kuti njinga yasowa pamsika wa Ntaja, ndipo khamu lagwira mnyamata, ena akuti nkhope yake njokayikitsa, ena akuti adamva kwa apongozi kuti ngwamanja aatali. Zonsezo, ngakhale zitanenedwa ndi anthu zana, ndi mphekesera chabe. Koma wokonza njinga amene adamuona akudula loko, pamodzi ndi lisiti ya mwini wake yosonyeza nambala, ndiwo umboni umene khoti la ku Liwonde lingaulandire.

Gawo 42 la Malamulo a dziko lino a 1994 likuti womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ayesedwe wosalakwa kufikira boma litatsimikiza mlandu wake. Sikuli kwa iye kudziyeretsa ayi. Inu otola miyala, mutengereni kupolisi, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa inu.