Senedd

Senedd ndi nyumba ya malamulo ya dziko la Wales, ndipo ili m'mbali mwa madzi ku Cardiff Bay. Pulani yake inajambulidwa ndi kampani ya Richard Rogers. Mfumukazi Elizabeth II ndiye anaitsegulira pa 1 Malichi 2006.

Makoma ake ndi agalasi, kuti ngakhale wongodutsa panja aziona kuti mkatimo mukuchitikanji. Aphungu amakumana m'chipinda chozungulira chotchedwa Siambr, chomwe chili m'munsi. Anthu wamba amakhala m'mwamba, kuseri kwa galasi, n'kumawaona aphunguwo pamutu penipeni, ndipo kuwayika choncho sikunali kongochitika mwangozi. Voti aphunguwo amaponya pongodina. Zokambirana zimachitika m'Chingerezi komanso m'chinenero cha ku Wales, n'kumaulutsidwa pa Senedd.tv.

Anthu a ku Wales amene sangafike ku Cardiff atha kulemba dandaulo pa intaneti. Likasainidwa ndi anthu 10,000, komiti yoona za madandaulo imalingalira zopempha kuti nyumba yonse ilikambe.

Mliri wa Covid-19 utafika povuta, aphungu anachita msonkhano wawo woyamba wa pa Zoom pa 1 Epulo 2020, m'malo mosonkhana mu Siambr.