Madzi Ofika M'mawondo a Kakowa

Ife a pa Likoma madambo sitiwadziwa bwino. Kwathu ndi miyala, mchenga ndi milambe, ndipo tikati madzi timatanthauza nyanja yakuya. Nchifukwa chake mawu oti dambo, thamanda ndi chithaphwi timangowasakaniza. Kakowa sasakaniza. Dambo ndi chigwa chonyowa cha udzu ndi bango. Thamanda ndi madzi odikha otsalira mtsinje ukabwerera. Chithaphwi ndi chochepa, chimauma msanga. Mbalame ya miyendo yaitali siyisambira ngati bakha, siyimira pansi ngati mphipi. Imayenda m'madzi, ndiye kuya kwa madzi kukapitirira miyendo yake, nsomba zilipo koma kwa iyo kuli njala.

Mawu amene ndimawaona olemera kuposa onse ndi kuphwa. Kuphwa si kuuma. Madzi akamaphwa pang'onopang'ono mvula itatha, matemba ndi achule amaunjikana m'mathamanda, ndipo kholo lodyetsa anapiye silivutika. Koma pansi pa chisa madzi ayenera kukhalapobe, pakuti ndiwo mpanda wotchinga agalu ndi nyenga. Akaphwa mothamanga, chisa chili pamtetete. Akasefukira mbalame ili pakati pofungatira, mazira a m'bango amamira.

Ku Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi, zimenezi zimaoneka ndi maso. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 1997 inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa pangano la Ramsar loteteza madambo. Kumeneko nsomba zikasowa, anthu amatembenukira ku misampha ya mbalame. Sindiwaweruza; njala ndi njala.

Akatswiri ali ndi mawu awo: mulingo wa madzi. Zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomangidwa mu 1965, zimasunga kapena kutulutsa madzi kuti magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira asazime. Zikatsekedwa, nyanja yathu imachedwa kutsika ngakhale pa gombe lathu, monga tinaonera itakwera mu 2024. Zikatsekulidwa, madzi amakafika ku Elephant Marsh, dambo lalikulu la ku Chikwawa ndi Nsanje limene linalowa m'pangano lija mu 2017.

Chimandipweteka nchakuti mulingo ndi nambala chabe, yonena kuti madzi afika pati. Sunena kuti afika mwezi uti, kapena akuphwa mofulumira bwanji, pamene akakowa a ku Nsanje amaikira mazira potsata zomwezo.