Kusasa si Kuola

Azakhali anga atatsegula botolo lomwe linali pamwamba pa kabati, anakwinya mphuno n'kunena kuti, "Mwana wanga, phala lakoli laola, kataye." Ndinawachonderera kuti anunkhizenso. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Ayi, langosasa, ngati matsukwa." Wofuna kuphika buledi wa sourdough ayambe wasiyanitsa mawu awiriwa, kuola ndi kusasa, asanagwire n'komwe ufa.

Za m'botolomo Angerezi amati starter, Afalansa amati levain. Ine ndimati mbewu, chifukwa sumaitha yonse, umasiyako ya mawa. Ndi ufa wa tirigu ndi madzi basi. Mu ufamo mumakhala kale tizamoyo ta mitundu iwiri: yisiti yachilengedwe, imene imatulutsa mpweya wotupitsa mtanda, ndi mabakiteriya opanga asidi, amene amabweretsa kuwawasa. A fuko lomweli ndi amene amasasitsa chambiko ndi thobwa. Asidiyo ndiye mlonda wa botolo, pakuti tizilombo towoletsa chakudya sititha kuswana mmene iye ali. N'chifukwa chake mbewu yosamalidwa imaposa mwini wake zaka. Ku San Francisco, ophika buledi a Boudin amati yawo ndi ya 1849, ndipo bakiteriya wina wopezeka m'buledi wa mumzindawo, yemwe asayansi anamufotokoza mu 1971, anamutcha sanfranciscensis.

Mvetserani mmene eni ntchitoyi amayankhulira: ndi mawu a woweta, osati a wophika. Mbewu amaidyetsa. Umatapa magalamu 50, n'kuthiramo ufa magalamu 50 ndi madzi magalamu 50, tsiku ndi tsiku, mpaka itakhwima patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Yotsalayo ena amataya, zimene ine zimandiwawa ndi mtengo wa ufa masiku ano, pakuti imakoma m'mandasi. Mbewu imamvanso njala. Ukaiiwala, pamwamba pamadikha timadzi totuwa tonunkha kachasu. Ongoyamba kumene ambiri amataya botolo lonse pamenepa, chonsecho ndi kungokhuthula timadzito n'kuidyetsa. Yoyenera kutaya ndi imene yachita chuku kapena yatuluka timizere tofiirira.

Mawu amene amavuta kwambiri ndi akuti pachimake. Ukaidyetsa, manga mphira pabotolo, pamene mbewu yalekezera. Idzakwera mpaka kuwirikiza kawiri, pamwamba n'kutumbika, m'mbali muli timabowo ngati chisa cha njuchi. Pamenepo ndiye pokandira. Ukachedwa imaphwa, n'kusiya zipsera pagalasi. Mabuku amati maola 4 mpaka 8, koma ambiri mwa mabukuwo analembedwa kozizira. M'mwezi wa Okutobala ku Chikwawa mbewu imathamanga. Mu Juni ku Dedza imachita ulesi. Wotchi ingakunamize, koma mphira ndi mphuno sizinama.

Pali masamu ake. Ophika buledi amawerengera chilichonse kuchokera pa kulemera kwa ufa. Akati hydration ndi 70 peresenti, ndiye kuti pa ufa wa magalamu 500 madzi ndi 350. Mchere ndi 2 peresenti, magalamu 10, mbewu magalamu 100. Madzi akachuluka buledi amakhala ndi mabowo akuluakulu, koma mtanda umakakamira m'manja, choncho wophunzira asathamangire kumeneko. Chimene chimasunga mpweya mumtanda ndi guluteni, ulimbo umene umapangika ufa wa tirigu ukanyowa. Ufa wa chimanga ulibe, n'chifukwa chake pawokha sutupa chotero. Mtandawu sufuna kuukanda mwaukali: umaukoka, n'kuupinda, n'kuusiya upume theka la ola, kangapo konse.

Mtandawo usanalowe pamoto umachekedwa pamwamba ndi lezala kuti uphulikire pamene wausankhira. Umafuna moto waukali, madigiri 230 kapena kuposa, ndi nthunzi kwa mphindi 20 zoyamba kuti khungu lisaume msanga. Wopanda uvuni asataye mtima. Mphika wachitsulo wovundikira bwino, makala pansi ndi pamwamba monga amayi athu amaphikira chikondamoyo, umasunga nthunzi imeneyo.

Buledi akapsa, mugogodeni kunsi. Alire ngati ng'oma. Ndipo musamudule akadali wotentha, ngakhale ana akulilireni. Dikirani ola lathunthu, pakuti mkati amakhala akupsabe.