KODI ANAYAMBA KUKHUDZA MNZACE NDANI?

 Lero sitikamba za thonje kapena za matenda a ng'ombe ai. Tikamba za masewera a maiko akutali. Koma cherani khutu, cifukwa m'kati mwa masewerawa muli mlandu wa mtundu umene inu mafumu muudziwa bwino.

Inu amene munawetapo ng'ombe pa unyamata wanu mukumbukira za kubusa. Ng'ombe zikagona pamthunzi dzuwa liri pamutu, anyamata awiri amathyola ndodo nayamba kuyesana. Posacedwa wina apfuula, "Ndakugunda!" Mnzace akana, "Bodza, wagunda ndodo!" Ndipo mkangano wa pakamwa ukula kuposa nkhondo ya ndodo ija. Akuru amene munapita ku migodi ya ku Joni mudziwa kuti kwa Azulu ndi Axhosa masewera a ndodo ndi cinthu cacikuru. Munthu agwira ndodo ziwiri, ina yomenyera, ina yochingira, ndipo wogwa pansi samenyedwa. Nelson Mandela yemwe analemba kuti anaphunzira masewerawa ali mbusa ku mudzi wa Qunu.

Azungu nao ali ndi masewera otere, koma iwo agwira malupanga osanola. Pa Cingerezi amawacha fencing, ndipo sanasowepo pa masewera a Olympic ciyambire caka ca 1896 ku Athens. Anthu awiri aimirira pa kanjira kotalika mamita 14, ndiye ngati mayadi 15, atabvala zoyera ndi cisoti ca waya cophimba nkhope yonse. Malupanga ace alipo a mitundu itatu. La foil liwerengedwa likakhudza ndi nsonga pa cifuwa, pamimba kapena pamsana. La épée liwerengedwa pali ponse, ngakhale pa cala ca kuphazi. La sabre limatema ndi m'mbali momwe, kuyambira m'ciuno kunka kumwamba. Masiku ano, mpikisano ukafika pocotsana, woyamba kukhudza mnzace ka 15 ndiye wapambana.

Bvuto lace ndi ili: nsonga ya lupanga ithamanga kuposa diso. Kale oweruza ankakhala asanu, mkuru mmodzi pakati ndi mboni zinai, ziwiri zoyang'ana munthu uyu, ziwiri zoyang'ana uyo. Mboni ikaona kuti lupanga lakhudza inkakweza dzanja. Koma mboni ndi munthu. Iri ndi kwao, iri ndi abale ace, ndipo imaphethira.

Mu 1924 ku Paris zinthu zinafika poipa. Pa mpikisano wa sabre panali munthu wa ku Italy, dzina lace Oreste Puliti, ndi anzace a dziko lomwelo. Woweruza wina wa ku Hungary, György Kovács, ananena kuti anzacewo akumgonjera Puliti dala kuti ciwerengero cace cikwere. Puliti anapsa mtima namuopseza woweruzayo, ndipo anamcotsa mu mpikisano. Mendulo ya golidi inapita kwa Sándor Pósta wa ku Hungary. Nkhani siinathere pomwepo. Patapita miyezi ingapo Puliti ndi Kovács anakomana kufupi ndi malire a Hungary namenyana ndi malupanga akuthwa kufikira onse awiri atabvulala. Taonani, mlandu wa masewera unakhetsa mwazi weni-weni, cifukwa panalibe bwalo limene onse awiri analikhulupirira.

Koma si onse anali otero. M'masewerawa muli mwambo wakale wakuti wokhudzidwa abvomere yekha, osadikira mboni. Mu 1932 ku Los Angeles mtsikana wa ku Britain, Judy Guinness, anali kulimbirana golidi wa foil ndi Ellen Preis wa ku Austria. Oweruza sanaone kuti Preis wamkhudza Guinness kawiri. Guinness mwini anawauza kuti, mnzangayu wandikhudza, inu simunaone. Anawerenganso, ndipo golidi anapita kwa Preis, Guinness natenga siliva. Papita zaka zoposa 90, koma akachula za mpikisano umenewo amayamba ndi dzina la wogonjayo. Inu mafumu, ndi kangati pa bwalo lanu pamene munthu waimirira nati, "Ng'ombe zimene zadya cimanga ca uyu ndi zanga," mboni zisanayankhule?

Popeza anthu onga Guinness ndi owerengeka, akuru a masewera anafuna mboni yopanda m'bale. Anaipeza m'magetsi. Ku nsonga ya lupanga anaikako kabatani, ndi waya woonda woyenda m'lupangamo, kulowa m'malaya a wosewera, kukafika ku bokosi la nyali. Kabatani ka épée kakakanikizidwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwa magalamu 750, nyali iyaka ndipo belu lilira. Kuti mumve kulemera kwace, tengani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, mutapeko gawo limodzi mwa magawo anai. Awiriwo akakhudzana pamodzi, wina osacedwa kuposa gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi, nyali ziyaka zonse ziwiri. Makinawa anayamba kugwira nchito pa Olympic ku Berlin mu 1936 pa épée, ndi ku Melbourne mu 1956 pa foil. Sabre inatsalira m'mbuyo zaka zina zoposa 30.

Anthu anayesa kuti mikangano yatha. Koma inu alimi a thonje mudziwa kuti sikelo siinama, koma dzanja limene lagwira sikeloyo liyenera kuyang'anidwa.

Mu July 1976 ku Montreal, m'dziko la Canada, kunali mpikisano umene munthu mmodzi amacita masewera asanu: kukwera kavalo, kumenyana ndi épée, kuombera mfuti, kusambira ndi kuthamanga. Pa gawo la lupanga, ali yense ankakomana ndi anzace onse mmodzi-mmodzi, ndipo kukhudza kumodzi kokha kunkatha nkhondo. M'gulu la Soviet Union, dziko limene linapasuka mu 1991, munali Boris Onishchenko, munthu wa zaka 38, wochuka, amene anali atapata kale golidi ndi siliva ku Munich mu 1972. Pokomana ndi Adrian Parker wa ku Britain, nyali ya Onishchenko inayaka, koma anzace a Parker anakaika ngati lupanga linafikadi. Kenaka inafika nthawi ya Jim Fox, msilikari wa ku Britain amene anadziwana ndi Onishchenko zaka zambiri. Onishchenko atatambasula dzanja, Fox anapendekera cam'mbuyo, nsonga niphonya. Nyali inayakabe.

Fox anadziwa thupi lace: palibe cinamkhudza. Anapempha oweruza kuti aliyese lupangalo. Analitenga, nampatsa Onishchenko lina, ndipo cocititsa cisoni ndi ici, kuti ndi lupanga labwinolo munthuyu anapitiriza kugonjetsa anthu. Luso anali nalo, sanasowe kuba. Amisiri atamasula cogwirira ca lupanga loyamba lija anapeza kabatani kobisika pansi pa cikopa, kolumikizidwa ku waya. Mwini akakanikiza ndi cala, nyali inkayaka lupanga liri m'malere. Anamthamangitsa tsiku lomwelo, gulu la dziko lace linataya mwai, ndipo Fox, Parker ndi mnzao Danny Nightingale anapata golidi. Zindikirani bwino apa: amene anagwira cinyengoci si makina ai, koma munthu amene analimba mtima kutsutsa makinawo pamaso pa anthu.

Mlandu wacitatu ndiwo wobvuta koposa, cifukwa munalibe wakuba. Pa 30 July 2012 ku London, Shin A-lam wa ku South Korea anakomana ndi Britta Heidemann wa ku Germany, amene anapata golidi wa épée ku Beijing mu 2008. Wopambana akanapita kukalimbirana golidi. Nthawi inatha ali 5 kwa 5. Lamulo liti zikatero awonjezere mphindi imodzi, ndipo acite maere: ngati mphindiyo itha popanda wokhudza mnzace yekha, wopambana ndi amene maere anamgwera. Maere anagwera Shin. Nchito yace inali kungodziteteza kufikira belu.

Inatsala sekondi imodzi. Heidemann analumpha, nyali ziwiri zinayaka pamodzi, ndipo m'mphindi yoonjezera zotere siziwerengedwa. Anaimanso, analumphanso, cimodzi-modzi, wochi irikusonyezabe sekondi imodzi, pakuti inkasonyeza masekondi athunthu okha, osati tizigawo tace. Pamenepo panacitika colakwa: wochi inayendetsedwa masewera ataima, nifika pa 0. Woweruza analamula kuti aibwezere, koma makina sakanatha kubwezera kacigawo kamene kanatsaladi. Anabwezera sekondi yathunthu. M'sekondi imeneyo Heidemann anamkhudza Shin yekha, ndipo zinathera 6 kwa 5.

Mphunzitsi wa Shin anadandaula, akuru nakhala upo. Tsono lamulo linali lakuti wosewera akacoka pa kanjira kaja ndiye kuti wabvomera ciweruzo. Cotero mtsikanayo anakhala pansi pomwepo yekha, akulira, pamaso pa anthu zikwi-zikwi, kwa nthawi yokwana ngati ora lathunthu. Akuru anakana dandaulo lace. Usiku womwewo anayenera kumenyananso ndi Sun Yujie wa ku China polimbirana mendulo ya mkuwa, nagonja. Heidemann nayenso anagonja kwa Yana Shemyakina wa ku Ukraine, natenga siliva. Patapita masiku owerengeka Shin anapata siliva pamodzi ndi anzace pa mpikisano wa magulu.

Mukanakhala inu, mafumu, mukanaweruza bwanji? Heidemann sanalakwe, anauzidwa kuti menya, namenya. Woweruza anatsata buku la malamulo. Ine ndiganiza kuti Shin analakwiridwa ndithu, koma womlakwira anali muyeso wosakwanira, monga mlandu wa malire a munda umene uli wobvuta cifukwa mtengo umene makolo anauika ngati cizindikiro unagwa kale. Pambuyo pace malamulo anasinthidwa, ndipo tsopano nthawi ikatsala pang'ono wochi imasonyeza ndi tizigawo ta sekondi tomwe.

Mungafunse kuti, nanga ife a mu Africa tirimo m'nkhani imeneyi? Tirimo kuyambira kale. Pa khoma la kacisi wa ku Medinet Habu, kufupi ndi Luxor m'dziko la Egypt, amene anamangidwa ndi mfumu Ramesses III zaka zoposa 3,000 zapitazo, pali zithunzi zosema za anthu akumenyana ndi ndodo pamaso pa oonerera. Koma pa Olympic panapita zaka 116 popanda munthu wa dziko la mu Africa kupata mendulo ya masewerawa. Woyamba anali Alaaeldin Abouelkassem wa ku Egypt. Mmawa mwace mwa tsiku la Shin lija, ku London komweko, iye anafika pa nkhondo yomariza ya foil, nagonja kwa Lei Sheng wa ku China 15 kwa 13, natenga siliva. Mu 2016 ku Rio de Janeiro, Inès Boubakri wa ku Tunisia anakhala mkazi woyamba, napata mkuwa pa foil.

Mu 2024 masewera anabwerera ku Paris, kumene Puliti ndi Kovács anakanganirana zaka 100 m'mbuyomo. Mohamed El-Sayed wa ku Egypt anapata mkuwa wa épée ndi kukhudza kumodzi m'mphindi yoonjezera, ndipo Fares Ferjani wa ku Tunisia anafika pa nkhondo yomariza ya sabre ndi Oh Sang-uk wa ku South Korea. Oh atatsala ndi kukhudza kumodzi kuti atenge golidi, Ferjani anagwa cagada pobwerera m'mbuyo. Oh anatsitsa lupanga, namtambasulira dzanja, namdzutsa. Anaimanso pa malo ao, Ferjani nalimbikira ndithu, ndipo zinathera 15 kwa 11, golidi kwa Oh, siliva kwa Ferjani.